Mawu a m'mapepala a khonsolo ku UK pa nkhani ya pokhala: support, service charge, licence

Nangozo_Leicester

Moni nonse abale. Ndikupempha inu amene mumagwira ntchito za nyumba kuno ku UK mutithandize. Mnyamata wina wa kwathu, wa zaka 24, ali ndi indefinite leave to remain, chilolezo chokhala mu UK popanda malire a nthawi. Anasowa pokhala, ndiye khonsolo yamupezera chipinda m'nyumba imene akuitchula kuti supported accommodation. Pamapepala ake palembedwa kuti thandizo lake ndi accommodation-based, kuti akadzatuluka adzapatsidwa floating support, kuti chimene wasayina ndi licence osati tenancy, komanso kuti pa lendi ya mapaundi 260 pa sabata, mapaundi 18 ndi ineligible service charge. Chingelezi timachimva ndithu, koma mawu amenewa m'maofesimu ali ndi tanthauzo lawolawo. Kodi lendiyi alipire ndani? Nanga angachotsedwe m'nyumbamo nthawi ina iliyonse?

Mbewe_Nottingham

Achemwali, mwachita bwino kufunsa pano, chifukwa ambiri amadzafunsa ngongole itachuluka kale. Mawu onsewa amamveka mukadziwa kuti ndalama zoyendetsera nyumba yotereyi zimachokera m'matumba atatu osiyana, ndipo mawu aliwonse akukuuzani thumba limene likulipira.

Thumba loyamba ndi la housing-related support. Limeneli ndi thandizo loti munthu akwanitse kusunga pokhala pake: kudzaza naye mafomu a ndalama za boma, kumuphunzitsa kugawa ndalama kuti ifike kumapeto a mwezi, kumulembetsa kwa GP (dokotala wa m'dera), kuwerenga naye makalata, kumuyankhulira kwa landilodi zinthu zikasokonekera, kumulumikiza ndi othandiza za mowa kapena matenda a maganizo. Wogwira ntchitoyi samusambitsa, samuveka, samumwetsa mankhwala ndipo samuphikira. Zimenezo ndi care, thumba lachiwiri, ndipo ku England zimayendera lamulo la Care Act 2014 kudzera ku nthambi ya adult social care, yomwe imayamba yaunika zosowa za munthu ndi chuma chake. Ambiri a ife timagwira ntchito ya care, choncho tikamva support timaganiza kuti ndi zomwezo, kenako achibale amakadandaula kuti wantchito sakumutsukira mwana wawo mbale. Si ntchito yake. Lachitatu ndi housing management, ntchito za mwini nyumba: kutolera lendi, kukonza zowonongeka, kulowetsa ndi kutulutsa anthu. Zimenezi zimalipiridwa kuchokera mu lendi.

Kugawa kumeneku kunakhazikika mu April 2003 pamene boma linayambitsa ndondomeko yolipirira support yotchedwa Supporting People, ndi mapaundi 1.8 biliyoni ku England m'chaka choyamba. Kuyambira pamenepo Housing Benefit, ndalama ya boma yothandiza kulipira lendi, inasiya kulipira support. Ndalamazo poyamba zinali zomangidwa, zosaloledwa kupita ku ntchito ina, koma mu 2009 boma linazimasula, ndipo makhonsolo ambiri anazichepetsa kwambiri m'zaka zotsatira. Ndicho chifukwa chake lero khonsolo iliyonse ili ndi dzina lake la ntchitoyi ndi malire ake, ndipo zimene zikupezeka mu mzinda uno mwina sizikupezeka mu mzinda woyandikana nawo. Pamene pali makhonsolo awiri, county ndi district, kawirikawiri county ndiyo imalipira support pomwe district imayang'anira Housing Benefit ndi osowa pokhala. Mzinda wa Leicester uli ndi khonsolo imodzi yochita zonse, koma munthu akangosamukira ku Loughborough kapena ku Hinckley amayamba kugogoda zitseko ziwiri.

Accommodation-based ndiye kuti thandizo linamatiridwa ku nyumbayo. Akatuluka, thandizo limatsala kuti lidikire wolowa pambuyo pake. Floating support imatsata munthu, kaya ali m'nyumba ya khonsolo, ya housing association (bungwe lochititsa lendi nyumba zotsika mtengo) kapena ya landilodi wamba. Wantchito amabwera maola ochepa pa sabata, kwa miyezi yowerengeka, kenako amatseka fayilo n'kupita kwa wina. Mukaona short-term, pa nthawi ya Supporting People ankatanthauza zosapitirira zaka 2, ndipo makhonsolo ambiri lero anafupikitsa. Afunse kuti kontirakiti ya pamalo pakepo ikunena miyezi ingati.

Tsopano lendi ija. Apemphe pepala la rent breakdown. Lidzaonetsa core rent, yomwe ndi lendi ya chipinda chenichenicho; eligible service charge, monga kusesa ndi kuyatsa magetsi m'makolido ndi m'masitepe, ma alamu a moto, kutchetcha panja; ndi ineligible service charge, zomwe amagwiritsa ntchito iye mwini: magetsi ndi gasi wa m'chipinda chake, madzi, chakudya ngati amapatsidwa. Ziwiri zoyambazo, mapaundi 242 pa nkhani yakeyi, Housing Benefit ingathe kulipira. Mapaundi 18 aja boma silidzalipira ngakhale atapanda ndalama ina iliyonse. Atuluke m'thumba mwake.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba: m'nyumba zoterezi, zomwe lamulo limazitcha specified accommodation, lendi sipita ku Universal Credit, ndalama ya boma ya pa mwezi yothandiza osagwira ntchito ndi olandira zochepa. Universal Credit azilandirabe ya chakudya ndi zina, koma lendi aipemphe padera ku khonsolo ngati Housing Benefit, sabata yomwe walowa. Anthu amalemba lendi pa akaunti ya Universal Credit n'kumadikira, patatha milungu isanu amauzidwa kuti analakwitsa khomo, pomwe kwa anthu a msinkhu wogwira ntchito Housing Benefit imabwerera m'mbuyo mwezi umodzi wokha, ndipo pokhapokha pali chifukwa chomveka. Wachiwiri ndi masamu. Universal Credit imabwera pa mwezi, service charge imawerengedwa pa sabata. Munthu amachulukitsa 18 ndi 4 n'kumalipira 72, koma chaka chili ndi masabata 52, ndiye 18 kuchulukitsa ndi 52 ndi 936, kugawa ndi 12 ndi 78. Aike standing order, kuuza banki kuti izilipira yokha mwezi uliwonse, ya mapaundi 78 pa tsiku lomwe ndalama imalowa ku banki. Ngongole yaing'ono imeneyi ndi imene imadzatsekereza anthu pa nthawi yosamuka.

Akapeza ntchito, auze key worker wake, wantchito wa support amene wapatsidwa, awerengere limodzi asanavomere maola. Malinga akulandirabe Universal Credit, ngakhale yochepa bwanji, Housing Benefit imalipira gawo lonse la eligible. Malipiro akakwera mpaka Universal Credit kutha, khonsolo imawerengeranso ndipo imachotsa mapeni 65 pa paundi iliyonse yopitirira mlingo umene boma linaika. Pa lendi ya 242 pa sabata zimenezo zimapweteka. Sindikuti asagwire ntchito, ayi. Agwire, koma aziperekeratu ma payslip ku khonsolo msanga kuti asadzauzidwe kuti analandira overpayment yoti abweze.

MayiPhiri_Manchester

A Mbewe amaliza za ndalama, ine ndiyankhe funso lachiwiri lija. Amayi, licence ndi chilolezo chokhala pamalo. Tenancy ndi ufulu wokhala ndi malowo ngati ako pa nthawi ya lendi, woti ungathe kuletsa ngakhale landilodi kulowa popanda kukudziwitsa. Pa licence antchito amaloledwa kulowa m'chipinda kukayendera, ndipo angathe kumusamutsira m'chipinda china. Koma ma licence ali pawiri, ndipo apa m'pamene muyenera kuwerenga pepala lakelo mzere ndi mzere.

Excluded licence imapezeka makamaka m'mahositelo a khonsolo kapena a housing association momwe anthu amagawana khitchini kapena amapatsidwa chakudya. Pamenepo eni nyumba safunika kupita ku khoti kuti amuchotse. Amangopereka notisi ya nthawi yokwanira monga momwe panganolo likunenera, ndipo pakakhala ndewu kapena kuopseza anthu ingakhale yaifupi kwambiri. Licence imene si excluded imatetezedwa ndi Protection from Eviction Act 1977: notisi yolembedwa ya milungu 4 kapena kuposerapo, kenako chigamulo cha khoti. Komanso mutu wa pepala si umene umagamula. Kuyambira pa mlandu wa Street v Mountford wa 1985, makhoti amayang'ana momwe munthu akukhaliradi. Ngati ali ndi fulati yakeyake, kiyi wake, ndipo palibe wolowamo, n'kutheka kuti ndi tenancy ngakhale analemba licence. Akadzalandira notisi asanyamule katundu tsiku lomwelo. Apite nayo ku mabungwe opereka uphungu monga Shelter, Citizens Advice kapena law centre.

Mawu ena amene azikumana nawo sabata ndi sabata ndi awa. Key worker ndi wantchito amene wapatsidwa kuti akhale wake. Needs assessment ndi kufunsidwa zimene akusowa, risk assessment ndi kuunika zimene zingamuvulaze iye kapena anzake. Kuchokera pamenepo amalemba support plan: chochita, wochita, ndi tsiku loti chikhale chitachitika. Malo ambiri amagwiritsa ntchito Outcomes Star, chithunzi cha nyenyezi chomwe cha osowa pokhala chili ndi nsonga 10, monga ndalama, thanzi, kudzisamalira ndi kusunga nyumba, ndipo nsonga iliyonse amaipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10. Achinyamata athu analeredwa kuti mavuto a m'nyumba sauza mlendo, ndiye akafunsidwa amangoti zonse zili bwino n'kudzipatsa 9 paliponse. Zimenezo zimamupweteka yekha, chifukwa pepala likaonetsa kuti alibe chosowa, khonsolo imafunsa kuti nanga akutani m'nyumba ya support. Anene zoona.

Asamajombe ku misonkhano ya key worker. M'mapangano ambiri kupezeka ku misonkhanoyi ndi gawo la licence, ndipo akajomba kangapo amalemba kuti non-engagement, kenako machenjezo olembedwa, kenako notisi. Mawu ena oopsa ndi abandonment, kuganiziridwa kuti wachithawa chipinda. Malo ambiri ali ndi malire a masiku ogona kunja, amalembedwa mu house rules. Akapita kukacheza kwa achibale ku Luton sabata yathunthu osauza munthu, angapeze loko atasintha. Azilemba meseji kapena imelo kuti wapita kuti ndipo abwera liti.

Pa ulendo wa kumudzi samalani kwambiri. Housing Benefit imapitirira munthu ali kunja kwa Great Britain kwa milungu 4 yokha. Ngati ulendowo ndi wa maliro a mwamuna kapena mkazi wake, mwana, kapena wachibale wapafupi monga kholo kapena m'bale wa bere limodzi, khonsolo ingawonjezere mpaka milungu 8. Chimene anthu sadziwa n'chakuti ngati tikiti ikuonetsa kuyambira pachiyambi kuti akakhala kupitirira malirewo, ndalama imaima kuyambira pomwe wanyamuka, osati ikatha milungu inayo. Adziwitse khonsolo ndi key worker asanakwere ndege, ndipo asunge tikiti yobwerera ndi umboni wa malirowo.

Cholinga cha zonsezi ndi move-on, kusamukira m'nyumba yokhala payekha. Planned move ndi kutuluka mwadongosolo, unplanned ndi kuthamangitsidwa kapena kungosowa. Kusiyanaku kumamutsata, chifukwa landilodi wotsatira adzapempha reference. Alembetse pa housing register ya khonsolo, mndandanda wa odikira nyumba, panopa, asadikire mwezi womaliza. Makhonsolo ambiri amaika anthu m'magulu otchedwa band, ndipo ena amakweza band ya munthu amene key worker walemba kuti ndi wokonzeka kutuluka. Bidding si kupikisana ndi ndalama, ndi kungosonyeza pa intaneti kuti nyumba yakutiyakuti ndikuifuna. Akapita kwa landilodi wamba, dziwani kuti munthu wosakwatira wosakwana zaka 35 amapatsidwa shared accommodation rate, ndalama ya chipinda chimodzi m'nyumba yogawana. Koma amene anakhala miyezi 3 kapena kuposa m'hositelo ya osowa pokhala n'kulandira thandizo lokhazikikira amaloledwa mlingo wa nyumba ya chipinda chimodzi yakeyake. Asadzatuluke popanda kalata yotsimikizira masiku amene anakhala ndi thandizo limene analandira, ndipo afunsiretu ngati nyumba yakeyo imawerengedwa ngati hositelo pa lamulo limeneli.

Chisale_Luton

Ndiwonjezere za ena amene akuwerenga, chifukwa mnyamatayu ali ndi indefinite leave koma ambiri mwa ife tili pa viza ya ntchito ya care kapena ya sukulu. Ngati pa viza yanu pali no recourse to public funds, lamulo lokuletsani kulandira thandizo la ndalama za boma, musapemphe Housing Benefit kapena Universal Credit, ndipo khonsolo singakupatseni nyumba kudzera mu register kapena mu lamulo la osowa pokhala. Zonsezi zili pa mndandanda wa public funds, ndipo kuzilandira kungawononge viza yanu. Mawu akuti eligible m'kalata ya osowa pokhala amanena zimenezi, mapepala anu okhalira m'dziko muno. Si eligible ya service charge ija.

Komabe zitseko sizinatsekeke zonse. Banja lokhala ndi ana limene lasowa pogona lingathandizidwe ndi children's services pansi pa section 17 ya Children Act 1989, ndipo thandizo limenelo si public funds. Chimodzimodzi thandizo la Care Act kwa wamkulu wodwala kapena wolumala. Amene ali pa viza ya banja kapena ya private life angapemphe Home Office kuti ichotse lamuloli kudzera mu change of conditions. Musanalembe fomu iliyonse funsani loya kapena mlangizi wovomerezeka wa za immigration, osati mnzanu wa ku ntchito.

Nangozo_Leicester

Zikomo kwambiri nonse, maso atseguka. Ndaonanso pepala lina, palembedwa kuti malowa ndi commissioned. Kodi n'zosiyana ndi exempt accommodation imene anthu amaidandaula ija? Nanga zitavuta n'kuchotsedwa, khonsolo ili ndi udindo womupezera pena?

Mbewe_Nottingham

Commissioned ndi nkhani yabwino, achemwali. Ndiye kuti khonsolo inapereka kontirakiti kwa bungwelo, ikulipira antchito a support, ndipo imayendera ntchito yawo. Polowa pamafunika referral, kutumizidwa ndi khonsolo kapena bungwe lina, nthawi zambiri kudzera pa khomo limodzi lomwe ena amalitcha gateway kapena single point of access. Non-commissioned ndi malo amene alibe kontirakiti ndi khonsolo.

Exempt accommodation ndi mawu a malamulo a Housing Benefit. Ndi nyumba yoperekedwa ndi housing association, charity, bungwe losafuna phindu kapena county council, pomwe mwini nyumbayo kapena womuimira amapereka care, support kapena supervision. Ikatero imamasuka ku malire a lendi a Local Housing Allowance, mlingo umene boma limathandizira lendi ya kwa landilodi wamba, n'chifukwa chake chipinda chimodzi chimafika mapaundi 260. Malo a commissioned ambiri nawonso ndi exempt, kotero mawuwo paokha si oipa. Vuto linabwera chifukwa makhoti anangoti thandizo likhale loposa minimal, kutanthauza losakhala lochepetsetsa, osatchula maola, ndiye anthu ena ofuna ndalama anatsegula nyumba zambirimbiri, makamaka ku Birmingham, n'kumalandira lendi yokwera pomwe thandizo lake ndi kugogoda pachitseko kamodzi pa sabata. Nyumba ya malamulo inakhazikitsa Supported Housing Regulatory Oversight Act mu 2023 pofuna kuti malo oterewa azikhala ndi ziphaso. Wina akakupezerani chipinda pa Facebook tsiku lomwelo, osafunsa zosowa zanu, n'kukupemphani National Insurance number musanaone n'komwe chipindacho, bwererani. Mukaonanso intensive housing management pa rent breakdown, ndi ntchito zoonjezera za mwini nyumba, monga mlonda wa usiku ndi kukonza pafupipafupi. Zimalipiridwa ndi Housing Benefit ndipo si support, ngakhale malire ake khonsolo ndi eni nyumba amakanganirana kawirikawiri.

Funso lachiwiri. Ku England zimayendera Part 7 ya Housing Act 1996, monga inasinthidwira ndi Homelessness Reduction Act 2017. Akangolandira notisi apite ku housing options ya khonsolo, asadikire kugona panja. Ngati angasowe pokhala m'masiku 56 akubwerawa, khonsolo ili ndi prevention duty, kuyesetsa kuti asachoke kapena apeze pena. Akasowadi pamabwera relief duty, masiku enanso 56 omuthandiza kupeza malo. Pa zonsezi amalemba naye personalised housing plan. Koma kumuthandiza kufunafuna n'kosiyana ndi kumupatsa pogona. Pogona pa msangamsanga amapereka ngati pali chifukwa chokhulupirira kuti ali ndi priority need: woyembekezera, wokhala ndi ana, wa zaka 16 kapena 17, wa zaka 18 mpaka 20 amene anali m'manja mwa boma ali mwana, wothawa nkhanza za m'banja kuyambira 2021, kapena amene ali vulnerable chifukwa cha matenda, ulumali kapena ukalamba. Mnyamata wa zaka 24 wathanzi nthawi zambiri salowa m'gululi, ndiye malo amene ali nawowa awagwiritsitse. Ngati ali ndi matenda a maganizo kapena ena, kalata ya dokotala ifotokoze zimene zingamuchitikire atasowa pogona, osangotchula dzina la matenda.

Intentionally homeless ndiye kuti khonsolo yapeza kuti anataya pokhala chifukwa cha chinthu chimene anachita kapena kusiya kuchita mwadala, monga kusalipira mapaundi 18 aja ndalama ali nayo, kapena kutuluka yekha atakwiya. Local connection kawirikawiri ndi kukhala m'deralo miyezi 6 mwa 12 yapitayi kapena zaka 3 mwa 5, kugwira ntchito m'deralo, kapena kukhala ndi kholo, m'bale kapena mwana wamkulu amene wakhalamo zaka 5. Azakhali a ku tchalitchi sawerengedwa, ngakhale kwathu ndi abale enieni. Popanda local connection samukana, koma angamutumize ku khonsolo kumene ali nayo.

Chigamulo chilichonse chibwere cholembedwa, ndi zifukwa zake. Kalata yomaliza amaitcha section 184. Ali ndi masiku 21 kuchokera pomwe wailandira kuti apemphe review, kuunikanso chigamulocho, pansi pa section 202, ndipo imelo ya mizere iwiri yonena kuti ndikupempha review ndi yokwanira kugwira tsikulo, mfundo zidzatsatira. Pa chigamulo cha Housing Benefit nthawi yake ndi mwezi umodzi. Akamupatsa nyumba imene sakuikonda n'kunena kuti ndi final offer, njira yotetezeka ndi kuilandira kenako n'kupempha review ya suitability, kuti aone ngati nyumbayo ndi yomuyenera. Kuikana kungathetse udindo wa khonsolo.

NaBanda_Glasgow

Amene muli kuno ku Scotland musatengere zonsezi momwe zilili. Kuno priority need inathetsedwa kumapeto kwa 2012, ndiye munthu wosakwatira wopanda ana amene wasowa pokhala osati mwadala ali ndi ufulu wopezeredwa nyumba yokhazikika, ndipo amapatsidwa pogona poyembekezera. Mabungwe a housing support amalembetsedwa ndi Care Inspectorate, ndipo malipoti a kuyendera kwawo ali pa intaneti, mungawerenge musanavomere malo. Ku Wales ndalama za support zimatchedwa Housing Support Grant kuyambira 2019, ndipo ku Northern Ireland dzina la Supporting People likadalipo pansi pa Housing Executive. Za Housing Benefit ndi za viza zimene anena a Mbewe, amayi Phiri ndi a Chisale ndi chimodzimodzi kuno.

MayiPhiri_Manchester

Amayi Nangozo, ngati mukufuna kumamuyankhulira mnyamatayo, asayine consent form yotchula dzina lanu, ina ku bungwe la nyumbayo, ina ku khonsolo. Popanda pepala limenelo sadzakuuzani kanthu pa foni ngakhale mutakhala mayi ake omubereka, chifukwa ndi wamkulu. Pa msonkhano wotsatira wa key worker apemphe makope a zinthu zinayi: licence yonse pamodzi ndi house rules, rent breakdown, rent statement yoonetsa zimene zalowa kuyambira tsiku loyamba, ndi support plan. Pa rent statement ayang'ane ngati Housing Benefit inayambira pa tsiku lomwe analowa. Ngati pali sabata yodumphidwa, alembere khonsolo mwezi usanathe.